Imelo itsegulidwe pa nambala ya ndani? Yankho kwa mayi wosoka wa ku Mabvuku

Funso

Ndine mayi wa zaka 54, ndimakhala ku Mabvuku, mu Harare ku Zimbabwe, ndipo ndimasoka mayunifomu a ana asukulu. Sukulu ina ikufuna kundipatsa oda, koma a mu ofesi akuti mitengo yanga ndiitumize pa imelo, osati pa WhatsApp. Foni yanga ndinagula m'tauni zaka 3 zapitazo ndipo mnyamata amene anandigulitsa ndi amene anandikonzera zonse za m'katimo. Mdzukulu wanga akuti imelo ndili nayo kale m'foni momwemo, koma ine sindikuidziwa ngakhale dzina lake. Iye akuti anditsegulire ina pa nambala yake. Chinanso, chaka chilichonse ndimapita kumudzi ku Dedza kukakhala miyezi iwiri kapena itatu. Ndichite bwanji?

Yankho

Mayi, mdzukulu wanuyo mbali ina wanena zoona, mbali ina mumukanire, koma mwaulemu poti ndi mwana wofuna kuthandiza. Ngati foni yanu ndi ya Android, monga Samsung, Itel kapena Tecno, mwachidziwikire imelo muli nayo kale. Play Store, kumene timatengako WhatsApp ndi zina zotero, sitsegukira munthu wopanda akaunti ya Google, choncho anyamata ogulitsa mafoni amangotsegula Gmail msangamsanga kuti kasitomala achoke akumwetulira. Pamenepo mwanayo sanalakwe. Zoti akutsegulireni yatsopano pa nambala yake ndiye ayi. Akhale pambali panu, akuwerengereni Chingerezi cha pa mabatani, akusekeni pang'ono mukadina polakwika, koma chala chodinacho chikhale chanu, nambala ikhale yanu, pasiwedi ikhale ya m'mutu mwanu.

Ndifotokoze chifukwa chake ndisanafike pa mabatani, poti mabataniwo ndi nkhani ya mphindi 10 zokha.

Makolo athu atabwera kuno ku Halale kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ambiri analibe bokosi laolao ku positi ofesi. Kalata yochokera kumudzi inkadzera pa bokosi la abwana kapena la mpingo, ndipo yopita kumudzi inkafikira pa bokosi la sukulu ya mishoni. Mwini kiyi akakhala paulendo, kalata imadikira. Mukayambana naye, imadikira kwambiri. Mukachoka ntchito pamalopo, abale amapitiriza kulembera bokosi lomwe lija mpaka kufika poganiza kuti munatchona. Imelo ndi bokosi lotero, koma laulere, ndipo palibe chifukwa choti lero mubwerekenso la munthu wina. Bokosi limeneli lili ndi makiyi awiri. Yoyamba ndi pasiwedi. Yachiwiri, imene anthu ambiri saiona ngati kiyi, ndi nambala ya foni imene yalembedwa m'akauntimo. Mukaiwala pasiwedi, Google imatumiza uthenga wa manambala ku nambala imeneyo, ndipo amene walandira uthengawo ndiye angathe kuika pasiwedi yatsopano. Kunena mosabisa, mwini weniweni wa imelo ndi amene ali ndi simukhadi ija m'thumba.

Chaka chatha pamalo pamene ndimakonzera mafoni panabwera bambo wina, mmisiri wa mipando wa ku Glen View. Foni yake inabedwa m'kombi. Anagula ina, n'kumayembekezera kuti manambala a makasitomala ake abwerera okha monga anamvera kwa anzake. Akanabwereradi, chifukwa anali osungika bwinobwino mu akaunti ya Google. Koma akauntiyo anamutsegulira mphwake, pa nambala ya mphwakeyo, ndipo mnyamatayo anapita ku Joni kalekale, simukhadi n'kuitaya. Pasiwedi palibe anaikumbukira. Tinayesa njira zonse zimene Google imapereka, osatheka. Panalibe woipa m'nkhaniyi, mphwakeyo ankangothandiza ngati mdzukulu wanu. Ana amakula, amasamuka, amasintha manambala ngati malaya. Paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Palinso kanthu kena kakang'ono: Google ili ndi malire a kuchuluka kwa maakaunti amene angatsimikizidwe ndi nambala imodzi. Nambala ya wachinyamata amene watsegulira kale anzake angapo ikhoza kukanidwa pakati pa ntchito.

Tiyambe ndi imelo imene ili kale m'fonimo. Tsegulani Play Store kapena Gmail, mudine kachithunzi kozungulira kamene kali pamwamba, kudzanja lamanja. Muona dzina lokhala ndi chizindikiro cha @ pakati, lothera ndi gmail.com. Imeneyo ndiye imelo imene mwakhala mukuyenda nayo zaka 3. Ilembeni papepala chilembo ndi chilembo. Kenako dinani pamene palembedwa "Manage your Google Account", mupite pa "Security" (mwina mupeza palembedwa "Security & sign-in"), mutsike mpaka muone pamene pali nambala ya foni ndi imelo yobwezeretsera akaunti. Mukapeza kuti nambalayo ndi yanu ndipo dzina la imeloyo ndi looneka bwino, mwachita mwayi: sinthani pasiwedi, mupitirize nayo. Pasiwedi yakale ikafunsidwa, dinani "Forgot password", uthenga ubwera pa foni yanu. Koma nthawi zambiri ndimapeza zina. Dzina limakhala la manambala osadziwika mutu wake, nambala ya foni ndi ya wogulitsa kapena palibe n'komwe, tsiku lobadwa ndi longopeka. Zikakhala choncho musalimbane nayo. Tsegulani yatsopano, koma yakaleyo musaichotse lero. Foni imodzi imatha kusunga maakaunti awiri popanda vuto, ndipo m'yakaleyo mungakhale katundu wanu amene tiyenera kusamutsa kaye.

Chenjezo limodzi pamenepa, ndipo mumuuze mdzukuluyo alimve bwino: asafufute foni yonse kuti iyambirenso ngati yatsopano akaunti yakaleyo isanachotsedwe mwadongosolo mu "Settings". Mafoni a Android ali ndi loko woletsa akuba. Foni ikafufutidwa mokakamiza, poyakanso imafunsa imelo ndi pasiwedi ya akaunti imene inalimo. Inu simuidziwa, ndiye foni yanu yomwe idzakukanani ngati ndinu wakuba.

Za kampani yoti musankhe sinditayapo nthawi. Ilipo Outlook ya Microsoft, imene akale amaidziwa ndi dzina loti Hotmail kuyambira mu 1996. Ilipo Yahoo Mail ya mu 1997, ilipo Proton Mail ya ku Switzerland imene amaikonda anthu osamala kwambiri za chinsinsi. Zonsezi zimatumizirana makalata popanda tsankho, wa Yahoo amalembera wa Gmail bwinobwino. Kwa inu ndikuti Gmail, imene Google inayambitsa mu 2004, pa chifukwa chimodzi chokha: foni yanu imafuna kale akaunti ya Google, ndiye kuli bwino kusunga kiyi imodzi kusiyana ndi ziwiri.

Musanadine kalikonse, konzani zinthu zitatu. Foni ikhale ndi moto wokwanira, poti magetsi a kuno sapangana ndi munthu. Mukhale ndi data yeniyeni kapena Wi-Fi. Apa ambiri amakhumudwa: bandulo ya WhatsApp yokha sitsegula Gmail, foni imangozungulira kenako n'kunena kuti palibe intaneti, munthu n'kumaganiza kuti yawonongeka. Kutsegula akaunti sikudya data yambiri, bandulo yaing'ono ya tsiku limodzi ikwana. Chachitatu, ndipo chachikulu, ndi simukhadi. Kodi inalembetsedwa m'dzina lanu, ndi chitupa chanu? Amayi ambiri a msinkhu wanu akugwiritsa ntchito nambala imene analembetsa amuna awo, mwana wawo, kapena imene anangogula panjira ili yolembetsa kale. Tsiku limene idzatayike, ku ofesi ya Econet, NetOne kapena Telecel adzafuna mwini dzina ndi chitupa chake kuti apereke ina ya nambala yomweyo. Ngati si ya dzina lanu, pitani mukakonze zimenezo kaye. Imelo idikire tsiku limodzi, palibe chowonongeka.

Tsopano mabatani. Mu Gmail dinani kachithunzi kozungulira kaja, musankhe "Add another account", kenako "Google". Foni ingakufunseni loko wake wa pa sikirini, ikani. Pansi muona "Create account". Idzakufunsani ngati akauntiyo ndi yanu, ya mwana, kapena ya bizinesi. Ngakhale kuti ndinu wa bizinesi, sankhani "For my personal use". Njira ya bizinesi ija imakutengerani kumene amatsatsa zinthu zolipira mwezi ndi mwezi, zomwe telala wa makina awiri sakuzifuna panopa.

Lembani dzina ndi chiwongo monga zilili pa chitupa. Dzina limeneli ndi limene a mu ofesi ya sukulu adzaone kalata yanu ikafika, ndiye lisakhale la pa WhatsApp lija la maluwa ndi mitima. Tsiku lobadwa liikeni lenileni. Anthu amakonda kupeka, ena amangodina chaka chimene chaoneka pafupi, n'kupezeka kuti mayi wa zidzukulu walembedwa ngati mwana wa zaka 6. Google salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti yodziimira payekha, ndiye chaka cholakwika chingakutsekereni khomo musanalowe n'komwe.

Pofika posankha dzina la imelo, khalani pansi muganize, chifukwa limeneli mudzalitchula kambirimbiri pa foni, mudzalilemba pa malisiti, mwina ndi pa chikwangwani. Gmail imafuna zilembo zosachepera 6 ndi zosapitirira 30. Imalola zilembo wamba, manambala ndi kadontho basi. Apa ife a Chichewa tili ndi kavuto kathu. Kachizindikiro ka m'mwamba ka mu Ng'oma kapena Ng'ambi sikaloledwa, chilembo cha ŵ sichiloledwanso. Ndiye pali nkhani imene aliyense wa ife kuno amaidziwa: dzina lathu likadutsa m'khutu la mnansi wathu wa Chishona, l amasanduka r, h wa mu Phiri kapena Mphande amagwera panjira. Pa envelopu ya ku positi zimenezo sizinkavuta, wopereka makalata ankakudziwani nkhope. Pa imelo chilembo chimodzi chikaphonyeka, kalata imabwerera kapena imagwera m'bokosi la munthu wina amene simudzamuona. Choncho sankhani dzina lalifupi, loti mungalitchule kamodzi munthu n'kulilemba molondola. Ngati dzina lanu ndi lovuta kulemba, tengani loyamba lokha muphatikize ndi mawu a ntchito yanu, monga uniforms kapena tailor, amene aliyense mu Harare amadziwa kalembedwe kake. Mukapeza kuti wina analitenga kale, zomwe zimachitika kawirikawiri kwa a Banda ndi a Phiri, onjezani Mabvuku kapena manambala awiri osavuta. Musaike chaka chanu chobadwa kapena nambala ya chitupa. Ndipo dziwani kuti mu Gmail kadontho sikawerengedwa: wina akaiwala kuika kadontho pakati pa maina anu, kalata ifikabe kwa inu. Chizindikiro cha @ chija chimatchulidwa kuti "at". Anachisankha katswiri wina wa ku America, Ray Tomlinson, mu 1971, kuti chizilekanitsa dzina la munthu ndi dzina la malo amene bokosi lake lili.

Pasiwedi Google imafuna ya zilembo zosachepera 8, koma ine ndimati 8 ndi zochepa. Musaike dzina la mdzukulu, nambala ya nyumba, kapena PIN yanu ya EcoCash, ya ndalama za pa foni ija. Njira yabwino kwa ife ndi kutenga mawu anayi a Chichewa osagwirizana, monga chiweto chimodzi, chida chimodzi cha usodzi kapena cha kumunda, dzina la mtsinje wa kwanu, ndi chakudya china, n'kuwalumikiza ndi manambala awiri kapena atatu pakati. Pasiwedi yotero imakhala yaitali, yovuta kuiganizira kwa munthu wakunja, koma inu mukaiona kawiri yakhazikika. Achinyamata adzakuuzani kuti pasiwedi salemba papepala. Ine ndimatsutsana nawo pamenepo. Mwa anthu amene amabwera kwa ine atataya maakaunti, oiwala ndi ochuluka kutalitali kuposa oberedwa papepala. Ilembeni, pamodzi ndi dzina la imelo ndi tsiku limene mwatsegula, muike kumene mumasunga chitupa, makhadi a ubatizo ndi mapepala a nyumba. Osati m'kope la miyeso limene limakhala pa makina, lomwe kasitomala aliyense amalitsegula pofuna kuona ngati munalemba bwino chiuno cha mwana wake.

Ikafunsa nambala ya foni, onetsetsani kuti dziko lasankhidwa Zimbabwe, ndiye kuti +263, kenako nambala yanu popanda 0 wa kumayambiriro. Nthawi zambiri pamabwera uthenga wa manambala 6 wokhala ndi G kutsogolo, muwalembe pamene akufunidwa. Ikakupatsani mwayi wodumpha gawoli, musadumphe, ndipo ikapanda kufunsa n'komwe, mukaike nokha nambalayo mu "Security" mukangomaliza. Palinso malo a imelo yachiwiri yothandizira pobwezeretsa akaunti. Apa ndi pamene wachibale angalowe, koma akhale munthu wokhazikika, mwana wanu wamkulu kapena mchemwali amene wakhala ndi imelo imodzi kwa zaka zambiri, podziwa kuti amene mwamuika pamenepo mwamupatsa kiyi yapadera ya nyumba. Pomaliza pamabwera chikalata chachitali cha malamulo, mutsike mpaka pansi mudine "I agree". Imelo yatseguka.

Tifike ku Dedza, chifukwa mbali imeneyi ya funso lanu ndi imene anthu oyankha mothamanga amailumpha, pomwe ndi imene imagwetsa anthu athu oyenda pakati pa maiko awiri.

Choyamba mtima ukhale m'malo: imelo simangidwa ku simukhadi imene ili m'foni. Mukafika kumudzi n'kuika ya Airtel kapena TNM, n'kugula data, Gmail idzatseguka monga mwa masiku onse ndipo makalata a sukulu adzakupezani muli pakhonde. Vuto limabwera pokhapokha mukafuna kulowa pa foni ina, kaya yanu yagwera m'madzi, yabedwa pa depoti, kapena mwabwereka ya mlamu wanu. Google ikaona munthu akulowa pa foni yachilendo, m'dziko lina, imakayikira, ndipo imafuna umboni woti ndinudi. Umboniwo imatumiza ku nambala ya +263 ija. Inu mwadutsa kale pa Nyamapanda, mwaoloka Zambezi pa Tete, simukhadi ya kuno yagona tulo m'kachikwama. Ngati siikugwira netiweki ya kumeneko, uthengawo sufika, ndipo mumatsala panja pa nyumba yanu yomwe mpaka mutabwerera ku Harare.

Mankhwala ake alipo, ndipo ndi a papepala. Mu "Security" momwemo muli "2-Step Verification", kutanthauza kuti wolowa mu akaunti asangodziwa pasiwedi yokha, aonetsenso chinthu chachiwiri. Yatsani chimenecho. Mukatero fufuzani pamene palembedwa "Backup codes". Google idzakupatsani manambala 10, iliyonse ya madijiti 8, ndipo iliyonse imagwira ntchito kamodzi kokha. Nambala zimenezi zimalowa m'malo mwa uthenga wa pa foni uja, sizifuna netiweki ya kuno, sizifuna simukhadi. Zikopereni pamapepala awiri. Lina likhale kunyumba, lina liyende nanu m'kati mwa pasipoti kapena m'kathumba ka mkati, koma lisakhale limodzi ndi pepala la pasiwedi. Musazijambule ndi foni yomweyo, chifukwa foni ikapita zapita nayo. Mukagwiritsa ntchito imodzi, ikhwatcheni. Zikatsala pang'ono mungapemphe zina 10, ndipo zakalezo zimafa pomwepo.

Mwina mukuganiza kuti bwanji osangoikamo nambala ya ku Malawi ya +265. Ayi, chifukwa imeneyo imagona miyezi 9 kapena 10 pachaka. Makampani a mafoni, kuno ndi kwathu komwe, nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaitseka, kenako amaigulitsa kwa munthu wina. Ikatero mauthenga a akaunti yanu amapita kwa mlendo. Pa chifukwa chomwecho, ya kunoyi musaisiye ndi njala mukamanyamuka. Iikeni maunitsi, kapena kuijusa monga timanenera kuno, ndipo funsani ku kampani yanu kuti nambala imakhala masiku angati isanatsekedwe. Foni yanu ikakhala ya masimukhadi awiri, ya kuno ingokhala momwemo ulendo wonse. Ndipo tsiku limene mudzasinthe nambala, chinthu choyamba kuchita, musanauze ngakhale a kumpingo, ndi kukasintha mu "Security". Google imatha kutenga masiku 7 isanayambe kudalira nambala yatsopano kotheratu, ndiye musasinthe usiku woti m'mawa mukukwera basi ku Roadport.

Bwererani tsopano ku akaunti yakale ija mukasamutse katundu. Apa mdzukulu agwire ntchito yake. Manambala a makasitomala anu mwina akusungidwa m'menemo: mu "Contacts" muli "Export", imene imawaika onse m'fayilo imodzi, ndi "Import", imene imawalowetsa mu akaunti yatsopano. Mu WhatsApp apite pa "Settings", "Chats", "Chat backup", asinthe akaunti ya Google ikhale yatsopanoyo, adine batani losunga. Zithunzi za madiresi ndi mayunifomu amene munasoka aonenso ngati zili m'foni momwemo kapena zinakwera mu Google Photos ya akaunti yakale, zofunikazo azitsitse. Zonse zikaoneka kuti zafika, dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, kenako chotsani yakaleyo kudzera mu "Settings" pa gawo la maakaunti.

Google imapatsa akaunti iliyonse malo aulere okwana 15 GB, koma malowo amagawana Gmail, Google Drive, Google Photos ndi zosunga za WhatsApp. Makalata okha sangadzaze malowo ngakhale patapita zaka. Chodzaza ndi mavidiyo a m'magulu, a kwaya, a ukwati, a maliro, a Gule, amene foni imangokweza yokha. Malo akadzaza makalata atsopano amaleka kulowa, inu osadziwa, sukulu n'kumati simuyankha. Uzani mdzukulu azimitse kukweza mavidiyo. Komanso akaunti yosatsegulidwa kwa zaka 2 Google ikhoza kuifufuta, lamulo limene linayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2023, koma inu amene muzilandira maoda zimenezo sizikukhudzani.

Akuba a pa imelo sathyola chitseko, amagogoda mwaulemu. Mudzalandira makalata onena kuti akaunti yanu itsekedwa mawa mukapanda kudina apa, kuti mwapambana ndalama pa mpikisano umene simunalowe, kapena kuti pali ntchito yosamalira okalamba ku England yongofuna kandalama kolembetsera. Kwa inu a bizinesi palinso ina: oda yaikulu ya mayunifomu kuchokera kwa munthu amene simunamuonepo, yofuna kuti mulipire kaye kenakake. Dinani pa dzina la wotumizayo muone imelo yake yonse, nthawi zambiri bodza limaonekera pomwepo. Lamulo losavuta ndi ili: pasiwedi, manambala 6 a mu uthenga aja, manambala a papepala aja ndi PIN ya EcoCash simupereka kwa munthu aliyense, kaya pa imelo, pa WhatsApp kapena pa foni, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku Google. Google siimbira anthu foni kufunsa zimenezo. Mukakalowa pa kompyuta ya m'sitolo yosindikiza mapepala m'tauni, pasiwedi mulembe nokha, kompyuta ikafunsa ngati iisunge mukane, ndipo musanadzuke pampando dinani kachithunzi kaja musankhe "Sign out". Mukakumbukira muli kale m'kombi kuti simunatuluke, pa foni yanu mu "Security" muli "Your devices", mungaitulutse kompyutayo muli pomwepo.

Tsopano kalata ya kusukulu. A mu ofesi sakukuvutitsani dala pokana WhatsApp. Iwo amafuna chinthu chokhala ndi deti, choti angachisindikize n'kuonetsa komiti ya sukulu ndi owerengera ndalama, ndipo kwa inunso ndi umboni tsiku limene wina adzanene kuti mtengo sunali umenewo. Yambani ndi kudziyesa: dinani "Compose", pa "To" lembani imelo yanu yomwe, pa "Subject" lembani mawu alionse, mudine kamuvi ka pamwamba. Ikafika mu "Inbox", ndiye kuti dzina limene munalemba papepala ndi lolondola ndipo mungayambe kulipereka kwa anthu.

Mitengo ilembeni papepala loyera, mwaukhondo: dzina lanu ndi nambala ya foni pamwamba, deti, mtundu wa chovala, masaizi, mtengo wa chimodzi, chiwerengero, ndi zonse pamodzi. Lembani momveka ngati mitengoyo ili mu madola a ku America kapena mu ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, mtengowo ukhala masiku angati usanasinthe, dipoziti ndi zingati, ndipo mudzapereka katundu pakatha masabata angati. Musangolijambula pepalalo litagona pa nsalu. Mu Google Drive muli batani la kamera limene limajambula pepala, kuliwongola n'kulisandutsa PDF, mtundu wa fayilo umene maofesi amakonda chifukwa umasindikizika bwino. Polemba kalatayo dinani kachizindikiro kooneka ngati kawaya kopanira mapepala, musankhe PDF ija. Mungaonjeze zithunzi ziwiri kapena zitatu za ntchito yanu, bola zonse pamodzi zisapitirire 25 MB. Imelo ya sukulu musailembe mongomvera pa foni, apempheni akutumizireni pa uthenga kuti muikopere ndendende. Pa "Subject" musasiye popanda kanthu, lembani kuti ndi mitengo ya mayunifomu ndi dzina lanu. M'kati mwake mawu ochepa akwana: moni, ndinu ndani, mwatumiza chiyani, ndipo angakupezeni pa nambala iti. Mukangotumiza pansi pamaoneka mawu oti "Undo" kwa masekondi ochepa, othandiza mukazindikira kuti mwaiwala kuphatikiza pepala lija.

Mukatumiza, imbani foni ku ofesiko muwauze kuti kalata yapita, aione. Akanena kuti sakuiona, ayang'ane mu "Spam", chifukwa imelo yatsopano imene sinalemberanepo ndi munthu nthawi zina imaponyedwa kumeneko. Inunso yankho lawo likachedwa, dinani timizere titatu ta pamwamba kudzanja lamanzere, mutsike mpaka pa "Spam" yanu. Zimene zili m'menemo zimafufutika zokha pakatha masiku 30, ndiye muzisuzumiramo kamodzi pa sabata, ndipo mukaipeza kalata ya sukulu m'menemo dinani "Report not spam" kuti yotsatira idzafikire poyera.